Linki ya m'buku ikafa

Mu 2011, Samuel Alito, woweruza m'khoti lalikulu kwambiri ku America, analemba maganizo ake pa mlandu wokhudza magemu achiwawa a pa vidiyo. Popereka umboni anaikamo linki ya tsamba lina la pa intaneti. Patapita nthawi tsambalo linatsekedwa. Munthu wina wanthabwala anagula dzina la tsambalo n'kulembapo uthenga woseka woti zomwe Alito analoza zinasowa kalekale.

Zimatheka bwanji? Linki ndi adiresi chabe. Imauza foni kapena kompyuta kumene tsamba likusungidwa, pa makina a eniake otchedwa seva. Dzina la webusaiti nalonso salipira kamodzi basi. Lili ngati nyumba ya lendi: ukasiya kulipira, wina amalowamo ndi katundu wake. Nthawi zina webusaiti imakhalapo ndithu, koma eniake asuntha masamba, ndiye wowerenga amangoona nambala 404, kutanthauza kuti tsambalo silinapezeke. Choipitsitsa n'choti linki itseguke bwinobwino pomwe mawu anasinthidwa kale, poti wowerenga sadziwa n'komwe kuti akuwerenga zina.

Vutoli si laling'ono. Mu 2014 akatswiri a malamulo a ku yunivesite ya Harvard anasindikiza zomwe anapeza atafufuza: pafupifupi theka la malinki a m'zigamulo za khoti lija sankafikitsanso munthu pa zomwe woweruza anaona. Nalo bungwe la Pew Research Center linapeza kuti pa masamba 100 aliwonse omwe analipo mu 2013, masamba 38 sankatsegukanso pofika 2023.

Mankhwala ake oyamba ndi kusungiratu tsambalo buku lisanapite kosindikiza. Bungwe la Internet Archive, lomwe Brewster Kahle anayambitsa mu 1996 ku San Francisco, lili ndi nkhokwe yotchedwa Wayback Machine. Wolemba amaika linki pamalo olembedwa kuti Save Page Now, makinawo n'kukopera tsambalo mmene likuonekera tsiku limenelo. Kenaka amamupatsa linki ina yokhala ndi deti, ndipo ndiyo yoika m'buku. Salipira kanthu, ngakhale masamba ofuna pasiwedi amavuta kusunga. Laibulale ya sukulu ya malamulo ku Harvard inakhazikitsanso Perma.cc mu 2013, yogwira ntchito yofananayo, makamaka kwa makhoti ndi magazini a zamaphunziro.

Wolemba wosamala amaikanso dzina la mwini nkhani, mutu wake, ndi tsiku lomwe iye anaiwerenga, kuti linki ikafa munthu akhale ndi poyambira kufufuza. Koma malinki ochita kufupikitsa, ooneka bwino papepala, ndi msampha: kampani yofupikitsayo ikatseka, onse amafera limodzi.

Zolemba za kafukufuku zili ndi njira yakeyake, nambala yotchedwa DOI, yomwe nthawi zonse imayamba ndi 10. Nambalayi imapatsidwa kwa nkhaniyo, osati kwa malo omwe ikukhala. Munthu akailemba pambuyo pa doi.org, makina amayang'ana m'kaundula n'kumutumiza kumene nkhaniyo ili panopa. Wosindikiza akasamutsa nkhani, amakasintha adiresi m'kaundulamo, nambala ya m'buku n'kukhala yomweyo. Akachita ulesi osakasintha, wowerenga amakagwanso pa 404 yemwe uja.