Phunziro la lero: chifukwa chake m'kalasi muno mwadzaza

Tsekani makope, ana inu, ndipo mutchere khutu. Ndikufuna mumvetse zinthu ziwiri: chifukwa chake mumakhala mothithikana chonchi, ena pa desiki ena pansi, komanso chifukwa chake tsiku la msika anzanu ambiri saoneka. Zonsezi zili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi yakwathu kuno ku Ntcheu.

Sukulu inabwera ndi amishoni. Ku Gowa anafikako chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo ku Nzama ansembe a chipani cha Montfort anakhazikitsa mishoni yawo mu 1901. Kwa nthawi yaitali sukulu inali ya ochepa. Ngakhale titalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, kholo linkalipirabe fizi, ndipo likasowa ndalama mwana ankatsala kudambo ndi ng'ombe. Zinasintha mu 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale. M'chaka chimodzi chokha ana a sukulu m'dziko muno anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni. Linali ganizo labwino, ndipo makolo a ambiri a inu anadziwa kulemba dzina lawo chifukwa cha ganizo limeneli. Koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Onjezerani apo kuchuluka kwa anthu: pa kalembera wa 2008 boma lathu lino linali ndi anthu osafika 500,000, koma pofika 2018 anali atapitirira 650,000.

Tsopano tiwerengere limodzi, poti masamu mumawadziwa. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60. Tinene kuti m'kalasi muli ana 100, ndipo kope lililonse ndikulichonga mphindi imodzi yokha. Ndi nthawi yaitali bwanji? Ola limodzi ndi mphindi 40. Limenelo ndi phunziro limodzi. Chingerezi, Chichewa ndi sayansi zikudikira. N'chifukwa chake mumationa tikutuluka ndi mulu wa makope pamutu pa mmodzi wa inu. Mphunzitsi amafika pano inu musanayambe kusesa, amaitana maina, amaima pa bolodi mpaka mawu kusasa. Akaweruka amakaona kumunda, pakuti malipiro okha sakwanira mwezi, makamaka chigwereni kwacha mu November 2023. Usiku ndi pamene amakonzekera phunziro la mawa, nthawi zambiri pa nyali ya sola. Ndimaikonda ntchito imeneyi, koma chimene chimandipweteka ndi mwana wofatsa wakumbuyo uja, amene chaka chimatha ndisanamve bwino mmene amawerengera.

Za msika tsono. Msewu wa M1 umadutsa m'boma lathu, ndipo cha ku Lizulu msewuwo ndiwo malire: mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique. Agogo anu akukumbukira mmene abale athu a tsidya lija anadzadzira kuno pothawa nkhondo, mpaka mtendere utabwera mu 1992. Lero chimene chimawoloka msewu umenewu ndi malonda. Dera lathu lakumtunda ndi lozizira, motero kachewere, kabichi ndi matimati zimachita bwino. Ku Lizulu, pa mphambano ya Tsangano ndi ku Kampepuza malole amapakira ndiwo zokadyedwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Nyumba zamalata zachuluka. Njinga zamoto zakabaza zikufika kumene kale tinkayenda wapansi tsiku lonse, ndipo ndalama ikubwera pafoni, pa Mpamba kapena Airtel Money.

Msika si mdani wathu. Yunifolomu mwavalayo ambiri inachokera m'dengu la matimati la amayi anu. Vuto limabwera pamene mnyamata wa Sitandade 6 wasenza matumba tsiku limodzi, wagwira ndalama m'manja, n'kuona ngati sukulu ikumuchedwetsa. Amajomba tsiku la msika, kenako masiku awiri, kenako timangomva kuti wayamba kabaza pa njinga ya eni. Mtsikana nayenso amayamba ndi kulondera benchi ya amayi ake. Phunziro limene lakudutsa silibwereranso, chifukwa m'kalasi la ana 100 mphunzitsi sangathe kubwerera m'mbuyo chifukwa cha mmodzi. Ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 safunsa kuti unali kuti tsiku limenelo. Pamsika pomwepo, wodziwa kuwerengera mtengo wa feteleza, mbewu ndi thiransipoti ndiye amadziwa ngati wapindula. Wosadziwa amagulitsa motaya kwa mavenda, akumwetulira.

Ntchito yokachita kunyumba nayi. Mukafunse agogo kapena wamkulu aliyense m'mudzi mwanu kuti sukulu analekezera kalasi yanji, ndipo chinawaletsa kupitiriza n'chiyani. Mulembe mizere khumi. Mukawauzenso makolo kuti aphunzitsi apempha kuti kuthandiza kumsika kuzikhala mukaweruka kapena Loweruka. Makope ndiwafuna Lolemba m'mawa, belu lisanalire.