Fodya wa ku Kasungu ndi Mibadwo Itatu

Anzanga, ambiri a ife tiri pa sukulu pano cifukwa ca ndarama za fodya. Tiyeni tsono tione m'mene ulimiwu wayendera.

Agogo athu anali kulima fodya wa cikopa. Bungwe la Native Tobacco Board litakhazikitsidwa mu 1926, mlimi wa kumudzi analembedwa m'kaundula ndi kugulitsa pa misika yoikika. Komabe nkhokwe ya cimanga ndiyo inali ulemu wa banja, ndipo khasu linayenda pamodzi ndi acibale.

M'masiku a atate athu, kuyambira 1971, wogula anali ADMARC, ndipo mtengo wake unali wocepa. Fodya wa bale, amene anali ndi phindu, analoledwa pa maesiteti pokha. Cotero mabanja ambiri anasiya midzi yao nakakhala matenanti, ana nasiya sukulu kuti azisoka fodya m'zigafa.

Mu 1990 boma linayamba kulola alimi ang'ono kulima bale. Ambiri anacepetsa minda ya cimanga, akuti adzagula cakudya ndi ndarama za ku okushoni. Njala ya 2002 itafika, Kasungu analira maliro ambiri, pakuti fodya sadyedwa.

Lero mabelo amapita ku Cinkhoma, koma mtengo umakwera ndi kutsika monga mwa ogula akunja. Mlimi alibe mau. Nanga tiphunzirapo ciani? Pa cuti tikathandize makolo kuwerengera ngongole ya feteleza asanafese nazale, ndipo tiwakumbutse kusiyako munda wa cimanga, mtedza ndi soya.