Kuyala Miyala Pakhomo

Kumpoto kwa dziko lathu, m'boma la Rumphi, kuli phiri la Khondowe. Munthu wochokera ku Chitimba, m'mbali mwa nyanja ya Malaŵi, amakwera phirili podzera mumsewu wokhotakhota wa Gorodi. Pamwamba pake ndi pa Livingstonia, pamene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni m'chaka cha 1894. Pasukulu ya mishoniyo anyamata ankaphunzira ntchito zamanja monga ukalipentala ndi kumanga. Nyumba ya miyala yotchedwa Stone House, imene inamangidwa m'chaka cha 1903, ikalipo mpaka lero.

M'zitunda za dera limeneli mumapezeka mwala wamchenga. Mwalawu ndi wokhakhala, ndipo mukaupala ndi msomali timchenga timayoyoka. Zaka zoposa 200 miliyoni zapitazo mitsinje inkakokolola mchenga ndi kukauunjika m'zigwa. Mchenga wina unkasanjikizana pa unzake mpaka wapansiwo unapanikizika ndi kusanduka thanthwe. Malasha amene akhala akukumbidwa ku Mchenga ndi ku Kaziwiziwi ali pakati pa matanthwe a mtundu womwewu.

Madzi sankabweretsa mchenga wofanana nthaŵi zonse. Mitsinje ikasefukira unkabwera wambiri, ikaphwera unkabwera wochepa. Nchifukwa chake thanthwe la mchenga lili ndi mizere yosiyana kutalikirana kwake. Woswa miyala akakhoma tchizulo pamzere, thanthwelo limagaŵanika motsata mzerewo ndipo pamatuluka mwala waphanthiphanthi. Wina umatuluka wochindikala, wina wopyapyala. Wina waukulu ngati chitseko cha khola, wina ngati lichero. Njerwa zimalingana popeza zimaumbidwa m'chikombole chimodzi, koma mwala ulibe chikombole.

Miyala yotereyi ndi yabwino kuyala pakhonde kapena pabwalo la nyumba, kuti nthaŵi ya dzinja anthu asamaloŵe ndi matope m'nyumba. Koma ikangoyalidwa chisawawa pamalo osalala, yochindikala imatumphuka ndipo yopyapyala imatsalira pansi. Pamenepo mwana wothamanga amapunthwa chala, ndipo gogo woyenda usiku angathe kugwa ndi kuthyoka mwendo.

Mmisiri wodziŵa ntchito sayamba msanga kukanda simenti. Poyamba amasankhula miyala yake, yochindikala payokha, yopyapyala payokha. Kenaka amaiyala pansi popanda matope, kuitembenuza uku ndi uku, kufuna kuona kuti ndi uti ukugwirizana ndi unzake. Ikuluikulu amaiika pangodya ndi pakhomo poloŵera, pamene pamapondedwa kaŵirikaŵiri. Ing'onoing'ono amaigaŵa pakati pa ikuluikuluyo. Ntchito imeneyi ingathe kudya tsiku lathunthu, ndipo wodutsa m'njira angaganize kuti mmisiriyo akuseŵera. Sakuseŵera ai. Simenti ndi yodula, ndipo ikauma siilola munthu kusintha maganizo.

Akakhutira ndi kayalidweko, amalemba manambala pamiyalayo ndi choko ndi kuichotsa. Tsopano amakumba malowo, amathira miyala ing'onoing'ono ndi kutsindira mpaka pansi patalimba. M'mbali amakhoma zikhomo ndi kumangapo chingwe. Chingwecho ndicho chimasonyeza pamene nkhope ya mwala uliwonse iyenera kulekezera.

Mnyamata wina amene ankathandiza malume ake pantchito yotere anadabwa ataona kuti akuyeza mwala wochindikala kuposa yonse asanamange chingwe.

“Malume,” iye anafunsa, “bwanji osangoyezera mwala uliwonse umene uli pafupi?”

“Iai mphwanga,” anayankha malumewo. “Ndikayezera wopyapyala, wochindikalawu udzasoŵa pokhala. Mwala sindingaufupikitse, koma matope ndingathe kuonjezera. Taona: mwala uwu ndi wa masentimita 5. Pansi pake ndiikapo matope a masentimita 3. Zonse pamodzi ndi masentimita 8, ndipo chingwe chidutsa pamenepo. Nanga mwala uwo wa masentimita 3 ufuna matope ochuluka bwanji?”

Mnyamatayo anaŵerenga zala zake. “Masentimita 5, malume.”

“Wakhoza. Pamwamba ikhale yolingana. Kusiyana kwake kubisale kunsi.”

Matopewo amapangidwa posakaniza muyeso 1 wa simenti ndi miyeso 4 kapena 5 ya mchenga wa kumtsinje. Mmisiri amayala matope a mwala umodzi wokha, amaugoneka, ndi kuugogoda pang'onopang'ono ndi nyundo ya mphira kapena chipika cha mtengo mpaka utalingana ndi chingwe. Ukakana kutsika, amaunyamula ndi kuchotsako matope. Saumenya mwamphamvu, kuopa kuuswa. Amisiri ena ofuna kupulumutsa simenti amangoika timiulu ta matope m'ngodya ndi pakati pokha. Kumeneko ndi kunyenga mwini nyumba, chifukwa kunsi kumatsala mphako. Madzi ndi nyerere zimaloŵamo, ndipo tsiku lina mwalawo umachita mng'alu.

Bwalo siliyenera kukhala lathyathyathya ngati tebulo. Liyenera kupendekekera kunja, kutsika pafupifupi masentimita 2 pa mita iliyonse, kuti madzi a mvula azithaŵa khoma. Likapendekekera kunyumba, madzi amadikha m'tsinde mwa khoma ndi kufooketsa maziko. Choncho mmisiri sasiyana ndi levulo.

Nanga kusiyana kwa m'litali ndi m'lifupi? Kumeneku kumathera m'mipata ya pakati pa miyala. Mpata wina umakula pang'ono, wina umachepa pang'ono, koma diso silizindikira. Ukakula kwambiri, mmisiri amaikapo kamwala koyenera, kapena amasema m'mphepete mwa mwala woyandikana nawo ndi tchizulo. Pomaliza amatseka mipata yonse ndi matope a simenti, ndi kupukuta msanga odontha, pakuti mwala wamchenga umamwa madzi ndipo banga la simenti silichoka msanga. Akatero amafunditsa bwalolo ndi udzu kapena masaka ndi kumalithirira kwa masiku 7 kuti simenti ikhwime bwino.

Mafunso

1. Kodi Livingstonia ali m'boma liti?
2. Fotokozani m'mene mwala wamchenga unapangikira.
3. Chifukwa chiyani njerwa zimalingana pamene miyala siilingana?
4. Ngati chingwe chili pa masentimita 8, kodi mwala wa masentimita 4 ufuna matope ochuluka bwanji?
5. Kodi chingachitike nchiyani bwalo likapendekekera kunyumba?

Ntchito

Pangani ziganizo ndi mau aŵa: chisawawa, chikombole, tsindira, mng'alu, dikha.