Phunziro la Sabata Ino: Kuyendera Limodzi N'kutani?

Abale ndi alongo, anthu awiri akhoza kuyenda msewu umodzi, pa liwiro lofanana, koma osayendera limodzi. Kusiyana kwake kuli pati?

Mu 1990, katswiri wa filosofi wobadwira ku Britain, Margaret Gilbert, analemba za funsoli. Iye anati kuyendera limodzi kumayamba pamene awiriwo adziwitsana kuti avomera ulendo umodzi. Limeneli ndi pangano, ngakhale silinalembedwe, ndipo limapatsa aliyense udindo kwa mnzake. Wina akathamangira kutsogolo, wotsalirayo ali ndi ufulu womudzudzula. Koma munthu amene mwangopezana naye pamsewu simungamufunse chifukwa chimene wakusiyirani. Komanso palibe angatuluke m'panganoli mwa iye yekha. Ayenera kupempha mnzakeyo kuti amumasule.

Izi zikutikhudza. M'komiti, m'banki m'khonde kapena pa ntchito ya m'banja, ambirife timangozimiririka osatsanzika, n'kumati sitinalakwire munthu. Chonsecho anzathu anakonza zinthu zawo podalira mawu athu, ndipo katundu yense watsalira iwo.

Sabata ino dzifunseni: kodi ndani ndinavomera kuyenda naye, n'kumusiya m'njira osamuuza? Mupezeni mukambirane. Pitirizani ulendowo, kapena masulanani mwaulemu.