Phunziro: Natani Anatumidwa kwa Mfumu

Tiwerenge 2 Samueli 12:1-14.

Amayi anzathu, mu Malichi 2021 bungwe la Malawi Human Rights Commission linapeza kuti a Aubrey Sumbuleta, omwe anali mkulu wa wailesi ya boma ya MBC kuno ku Blantyre, ankavutitsa amayi apantchitopo powafuna zachiwerewere. Linati MBC ipereke chipepeso kwa amayiwo. Manyazi anagwera boma lomwe linakhazikitsa lamulo loletsa khalidweli mu 2013.

Koma ife ku Ndirande ndi ku Bangwe tikamva zotere timathamangira kufunsa kuti mayiyo anavala chiyani. Mulungu sanatume Natani kukadzudzula Bateseba, anamutuma kwa Davide.

Tikambirane m'magulu: mwana wathu akadandaula za abwana ake, timuperekeza kuti?