LIU LAKALE LONENA ZA KULINDIRA

Werengani: Luka 24:44-53, 1 Samueli 13:5-14

Aphunzitsi ndi akulu a mpingo ena ali nalo Buku Lopatulika lakale la Cingerezi, limene linasindikizidwa poyamba m'caka ca 1611, m'masiku a Mfumu James I ya ku England. Powerenga m'menemo apeza kawirikawiri liu lakuti tarry, ndipo azizwa nalo, popeza Angerezi eni ace analeka kulichula m'zokamba za masiku onse. Tiyeni tilisanthule liu ili, pakuti muli phunziro loyenera Mkristu ali yense.

1. Kumene linacokera

Liu ili liyamba kuoneka m'zolembedwa za Cingerezi pafupi ndi caka ca 1300. Pa za muzu wace anthu ophunzira agawanika pawiri. Ena ati linacokera ku liu la Cifalansa cakale lakuti targer, lobadwa ku Cilatini tardus, ndiko kunena wocedwa. Ena ati linacokera ku liu la makolo a Angerezi lakuti tergan, ndiko kuputa kapena kusautsa munthu. William Tyndale analilemba m'Cipangano Catsopano cace ca 1526, ndipo otembenuza a 1611 anamtsata. Koma otembenuza Revised Standard Version ya 1952 analicotsa pa Luka 24:49, naikapo liu lapafupi lakuti stay, kukhala.

2. Matanthauzo ace awiri

Tanthauzo loyamba ndilo kucedwa. Litero pa Mateyu 25:5, pamene mkwati sanafike msanga, anamwali khumi aja naodzera. Literonso pa Habakuku 2:3, ponena za masomphenya amene aoneka ngati alikucedwa.

Tanthauzo laciwiri ndilo kukhala pamalo ndi kulindira. Ndilo limene tilipeza pa Mateyu 26:38, pamene Ambuye anapempha Petro, Yakobo ndi Yohane kuti acezere naye m'Getsemane, ndi pa Luka 24:49, pamene anauza ophunzira kuti asacoke m'Yerusalemu kufikira atalandira mphamvu yocokera kumwamba. Pamenepa liu la Cigriki limene Luka analemba litanthauza kukhala pansi.

Ife m'Cinyanja tisiyanitsa kucedwa ndi kulindira, koma liu lakale lija linamanga zonse ziwiri mtolo umodzi. Ndipo zipezanadi m'moyo wa Mkristu: pamene tiyesa kuti Mulungu wacedwa, ndi pomwepo atiitana kuti tilindire.

3. Mfumu imene inalephera

Sauli analindira Samueli masiku 7 ku Giligala. Afilisti anali atasonkhana, ndipo anthu ace anayamba kubalalika. Pocita mantha anapereka yekha nsembe yopsereza. Atangotsiriza, Samueli anafika, namuuza kuti ufumu wace sudzakhalitsa. Onani, abale: Sauli anapirira sabata lathunthu, nagwa pa tsiku lotsiriza.

Inu olima mudziwa bwino cinthu ici. Ikagwa cizimalupsa, munthu wosaugwira mtima athamangira kumunda ndi mbeu yace yonse. Dzuwa likabweranso mmera upserera, ndipo pofika mvula yeniyeni alibe cobzala. Mtumwi Yakobo anatenga fanizo lomweli la mlimi wolindira mvula (Yakobo 5:7).

4. Mpingo umene unalindira

Kucokera pa kukwera kumwamba kwa Ambuye kufikira Pentekoste panapita masiku 10. Ambuye sanawauze ophunzira ciwerengero ca masikuwo. Akadatha kubwerera ku Galileya, ku makoka ao, koma anakhala. Sanakhale manja lende ai. Anthu monga 120 anasonkhana, napemphera ndi mtima umodzi, nasankha Matiya alowe m'malo mwa Yudase (Macitidwe 1:14-26). Mzimu Woyera atafika, anawapeza ali pamodzi, ndipo tsiku lomwelo anaonjezedwa anthu ngati 3,000.

Cotero kulindira kwa Mkristu kusiyana ndi ulesi. Waulesi azengereza pa nchito imene Mulungu anampatsa kale. Wolindira agwira nchito ya lero, nasiyira Mulungu cimene ciri m'dzanja lace yekha.

Kapena m'nyumba mwanu muli wodwala amene mwampempherera miyezi yambiri. Kapena mwana wanu anapita kutali, ndipo mau ace sakumveka. Kapena mpingo wanu ukhala wopanda mbusa. Pa nthawi yotere anzanu adzakunong'onezani kuti mukayese kwa woombeza ula. Kumbukilani Giligala, ndipo musacoke pamene Ambuye anakuikani.

Mafunso
1. Chulani matanthauzo awiri a liu ili.
2. Sauli analakwa ciani?
3. Ophunzira anacita ziti pa masiku 10 aja?
4. Inu mulikulindira ciani kwa Ambuye caka cino?

Pemphero
Atate wathu wa Kumwamba, nthawi zonse ziri m'dzanja lanu. Mutikhululukire kufulumira kwa mitima yathu, ndipo mutilimbitse kuti tikhale m'malo amene mwatiika, kufikira mudzatiyankha. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.