Hotela yotsika mtengo ku London: yambani mwasankha siteshoni

Munthu amene akukonza ulendo wa ku London, kaya ndi wa kumsonkhano kaya wokaonerera mwana akulandira digiri, kawirikawiri amatsegula Booking.com n'kuyamba kuyang'ana chipinda chotchipitsitsa. Ndalama zimayambira pomwepo kutayika. Mtengo umene mukuuona pafonipo ndi wa bedi lokha, koma usiku umodzi mumzindawu umadya ndalama patatu: pogona, mayendedwe ndi chakudya. Ndiye ine ndikuti choyamba kusankha ndi siteshoni ya sitima, chipinda chibwere pambuyo.

Yambani ndi mapu a sitima zapansi, zimene eni ake amazitcha Tube. Mzindawu anaugawa m'mazoni ozungulirana, ndipo zoni 1 ndiye pakati, kumene kuli Westminster ndi British Museum, komwenso zipinda zimadula kwambiri. Mukamatalikira, chipinda chimatsika koma tikiti imakwera. Malo abwino ali pakatikati, m'zoni 2 ndi 3, pafupi ndi njanji yolunjika kumene mukachite zanu. Amene atsikire pa Heathrow ayang'ane Hammersmith kapena Earl's Court, chifukwa njanji ya Piccadilly imachoka pabwalo la ndege n'kudutsa pamenepo, ndipo simuvutika kusintha sitima muli ndi masutikesi awiri. Chakum'mawa kuli Stratford, kumene kunachitikira masewera a Olympics mu 2012. Pamenepo pamakumana njanji za Central, Jubilee ndi Elizabeth imene inatsegulidwa mu 2022. Mukapeza siteshoni, musalole hotela imene ili kutali kuposa mphindi 10 zoyenda pansi.

Wina anganene kuti mahotela ozungulira Heathrow, kapena a m'matauni a kunja, ndi otchipa kwambiri, ndiye kulekeranji kugona komweko? N'zoona, ndipo ngati ndege yanu ikunyamuka m'bandakucha, gonani komweko usiku womaliza. Koma Heathrow ili m'zoni 6, ndipo ulendo wa pa Piccadilly kukafika pakati pamzinda umatha pafupifupi ola. Mukakhala awiri kapena atatu, aliyense akulipira yake tikiti kupita ndi kubwera tsiku lililonse, zimene munapulumutsa pachipinda zija zimathera m'njira, nthawi yanu n'kutherako limodzi.

Chachiwiri, sankhani mtundu wa malo ogona. Premier Inn ndi Travelodge ali ndi nthambi zambiri mumzindamu, ndipo ubwino wawo ndi woti mumadziwiratu chimene mukachipeze: chipinda chaukhondo, bafa lanulanu ndi ketulo. Mitengo yawo muziiona pamasamba awo a pa intaneti, chifukwa siionekera yonse pamasamba oyerekezera mitengo. Palinso ibis budget ndi easyHotel, koma ku easyHotel werengani bwino, zipinda zina zilibe zenera. Woyenda yekha amene saopa kugona chipinda chimodzi ndi anthu achilendo angapite ku mahositelo a YHA. Njira imene ambiri saidziwa ndi ya nyumba zogona ophunzira: mayunivesite monga LSE amabwereketsa zipinda kwa alendo ophunzira akapita kutchuthi chachikulu, makamaka mu Julayi ndi Ogasiti, ndipo zina zili m'zoni 1 mwenimwenimo.

Chachitatu ndi tsiku. Mtengo wa chipinda chomwecho umasintha malinga ndi kuchuluka kwa ofuna malo. Usiku wa Lamlungu umakonda kutsika, wa Loweruka umakwera. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yotchipa, kungoti kumazizira koopsa, pamene nthawi ya tenisi ya Wimbledon ndi masabata oyandikira Khirisimasi zipinda zimadula.

Chachinayi, ndipo apa ndikulimbikira, musathamangire kulipira. Mahotela ambiri amaika mitengo iwiri: wotsika umene ndalama sizibwezedwa, ndi wokwererako umene mungathe kuufafaniza. Wina aona ngati kusankha wokwerawo n'kuwononga. Koma amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe amafunika viza kuti alowe mu Britain, ndipo viza ikhoza kuchedwa kapena kukanidwa. Ndi mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza, kutaya mapaundi a masiku asanu chifukwa chofuna kupulumutsa ochepa n'kulakwitsa kwakukulu. Sungitsani malo pa mtengo wotheka kufafaniza, ndipo viza ikatuluka onaninso ngati wotsika uja ukadalipo.

Zotsalazo n'zazing'ono koma zimawunjikana. Chakudya cham'mawa cha kuhotela nthawi zambiri chimalipiridwa padera, choncho funani hotela yoyandikana ndi sitolo ya Tesco kapena Sainsbury's, mugule buledi, mkaka ndi zipatso, tiyi muphike ndi ketulo ija. Ku Premier Inn ndi Travelodge amayamba kulowetsa alendo 3 koloko masana, pamene ndege zambiri zochokera ku Africa zimatera m'mawa, ndiye funsiranitu ngati angakusungireni katundu. Mabasi a ku London anasiya kulandira ndalama za m'manja mu 2014, choncho mukangotera gulani khadi yolipirira maulendo ya Oyster pasiteshoni ya pabwalo la ndege, kapena tsimikizani kubanki yanu musananyamuke kuti khadi yanu igwira ntchito kumeneko.